Kalata Pansi pa Chisa

Bokosi la nambala 9 linali latsoka. Zaka ziwiri zathunthu lili pamtengo wake m'paki ya ku Barking, ku London, panalibe mbalame ndi imodzi yomwe imene inaliyang'ana kawiri. Mabokosi ena aja ankadzaza ndi atimba, timbalame ta kumutu kwabuluu ndi chifuwa chachikasu timene timaikira mazira m'mphako, koma la nambala 9 ayi ndithu, ngakhale kangaude ankayamba waganiza kaye. Ndiye poti mbalame zinalikana, Dyna ndi Fidelis analisandutsa positi ofesi yawo.

Musawaseke, abale. Foni Dyna anali nayo, koma ankakhala m'fulati imodzi ndi alamu ake, a Khumbo, mlongo wake wa malemu mwamuna wake Henderson. Foniyo ikangolira mwini wake ali kubafa, a Khumbo ankaiyankha ngati yawo, mameseji n'kuwawerengeratu. Ndipo panali nkhani ina imene inkamumanga Dyna miyendo. Zaka ziwiri chimwalirire Henderson, akuchimuna anali asanamusudzule. Anati mwambowo udzachitika mu Ogasiti kwawo ku Kasungu, tsiku lovundukula chiliza. Kufikira tsikulo Dyna anali adakali mkazi wa Henderson pamaso pa abale, ndipo kuoneka ndi mwamuna wina kunali kunyoza maliro.

Kumabokosiku anamukokera ndi a Killian, mkulu wa ku Ireland wa ndevu zoyera, amene akazi awo ankasamalidwa kunyumba ya okalamba kumene Dyna ankagwira ntchito. Ataona kuti mayiyu Loweruka lililonse amangokhala ndwii pabenchi, anamupatsa kabuku ndi pensulo kuti aziwathandiza kuyendera zisa. Inali ntchito yongodzipereka, ndipo malamulo ake anali atatu. Gogoda kaye usanatsegule, kuti mayi wa mazira asadzidzimuke. Chisa usachikhudze, uone ndi maso, uwerenge, utseke. Ndipo wogwira makwerero sawasiya mpaka wokwerayo ataponda pansi.

Wogwira makwerero a Dyna anali Fidelis, dalaivala wa basi wochokera ku Chipata, wokhala ku Tottenham. Iye ankati anabwera kudzapepesa kwa mbalame, poti ali mwana anazitha ndi legeni. Tsiku loyamba Dyna atagogoda pabokosi anaiwala kuti ali ku Ulaya, n'kunena kuti, "Odi kuno!" Fidelis anaseka mpaka makwerero kugwedera, ndipo Dyna, amene anali atatha chaka osaonetsa dzino, anaseka naye. Zinayambira pomwepo.

*

Koma London imachepa pakakhala Amalawi. Lachisanu lina mu Epulo 2007, Dyna pofika kunyumba anapeza a Khumbo ali pasofa, yunifolomu ya unesi osavula, manja atapinda pachifuwa.

"Khalani pansi, mlamu. Ndamva kuti masiku ano mukukwera mitengo."

"Ndi za mbalame zija, alamu. Ndinakuuzanitu."

"Za mbalame munandiuza. Za Mzambiya wogwira makwerero simunandiuze. Anthu akuonani. Akuti inu mumachita kusekerera muli m'mwamba, iye ali pansi maso ali pa inu."

Dyna anayang'ana pansi.

"Mlongo wanga manda ake alibe ndi dzina lomwe, inu mwayamba kale? Pa eyapoti ndinakulandirani ndine, jekete yanu yoyamba ndinakuvekani ndine. Mukapitiriza, ndiimba foni ku Kasungu ndiwauze kuti za Ogasiti aiwale. Mudzakhala mkazi wa Henderson mpaka imvi mbuu!"

Akanakhala kuti anangokalipa, bwenzi Dyna atayankha. Koma a Khumbo polankhula chonchi misozi inali chuchuchu, ndipo anali atagwira kachithunzi ka Henderson kamene kankakhala pamwamba pa wailesi yakanema. Dyna anamva chisoni chosakanikirana ndi mantha. Analonjeza kuti asiya zonse mpaka mwambo utachitika.

*

M'mawa mwake Fidelis sanabwere yekha kupaki. Pambuyo pake pankabwera mkazi wovala nsapato za gogoda, zimene zinkatitimira m'matope pa sitepe iliyonse. Ameneyu anali Sandra, wa ku Lusaka, woimba kwaya kutchalitchi kwa Fidelis.

"Ndimwe ba Dyna?" anatero Sandra, akumuyang'ana kuyambira kunsapato za mphira mpaka kuduku. "Nenze kufuna chabe kuona tunyoni twamene tumachedwesa ba Fidelis kubwera kudya kwanga. Manje naona."

"Ananikonkha chabe pa sitima, sininamuitane," Fidelis ananong'ona Sandra atapita kukakhala pabenchi kukapukuta nsapato zake.

Dyna anatenga kabuku kake. Anayendera mabokosi asanu ndi atatu, akugogoda, kutsegula, kulemba. Atakwera pa nambala 9, ali m'mwamba momwemo nkhope itayang'ana kumtengo, anamuuza Fidelis zonse zimene a Khumbo ananena. Anati asiye kuonana mpaka Ogasiti.

"Nalema kubisala monga kawalala, Dyna. Lekani nitume amalume anga kwa alamu anu, akambe monga anthu akulu."

"Asanandisudzule, ayi."

"Chaka chonse nilemba makalata m'bokosi ya nyoni monga mwana wa sukulu! Kodi imwe munakwatiwa na munthu kapena na manda?"

Ha! Mawu amenewo akanabwezeka, Fidelis akanawameza pomwepo, poti nkhope yake inagwa asanatseke n'komwe pakamwa. Koma anali atatuluka basi. Dyna anatseka chivundikiro.

"Siyani makwerero," anatero.

"Simunatsike."

Anatsika pang'onopang'ono, Fidelis atagwirabe. Ataponda pansi anamuyang'ana m'maso.

"Musandiimbire foni. Kuno musabwerenso. Pitani muzikadya kwa Sandra wanuyo."

Fidelis anatsamiritsa makwerero bwinobwino pamtengo, n'kumapita, Sandra akudumpha zithaphwi pambuyo pake.

*

Mkwiyo wa Dyna unatha Lachiwiri. Pofika Lachinayi ankangowerenga masiku, poti ankamudziwa Fidelis. Munthu ameneyu sankagona ndi mlandu. Akalakwitsa ngakhale kanthu kakang'ono, Lolemba lomwelo ankadutsira kupaki, kukwera pamwala umene unali patsinde, n'kugoneka kalata pansi m'bokosi.

Loweruka makwerero anagwira ndi a Killian. Dyna anayendera mabokosi oyambirira mothamanga mpaka mkuluyo anadandaula za mawondo ake. Pa nambala 9 anagogoda n'kukweza chivundikiro.

Munali ndere. Ndere zobiriwira, udzu wouma ndi ubweya wa galu, zodzaza mpaka theka la bokosi, pakati pali kadzenje kosalala bwino. Dyna anasuzumira m'makona onse anayi, koma pepala sanalione.

"Muli chiyani?" a Killian anafunsa m'Chingerezi chawo chothamanga chija.

"Chisa."

"Mu nambala 9? Pambuyo pa zaka ziwiri?" Mkuluyo anatsala pang'ono kuphwanya lamulo lake lomwe n'kuvina. "Maso okha, Dyna, maso okha! Tsekani msanga, mwini wake ali panthambi apo akutitukwana."

Dyna anatseka. Analemba m'kabuku kuti chisa chayamba, zilembo zikusambira m'misozi, a Killian n'kumayesa kuti ndi chimwemwe. Mumtima ankati, ngakhale mbalame zaona kuti bokosili lilibenso eni ake. Sabata yathunthu munthu uja osalemba ndi mzere umodzi womwe. Zoti angayang'ane pansi pa ndere zija sizinamubwerere n'komwe m'mutu, ndipo zikanamubwerera, lamulo linali lomwe lija.

Loweruka loyamba la Meyi munali mazira asanu ndi atatu, ang'onoang'ono ngati nsawawa, a timadontho tofiira. Dyna anawawerenga kawiri, n'kutseka. Cha m'ma 12 koloko anatsanzikana ndi a Killian, n'kulowera njira yakuseri yodutsa kumtsinje. Njira ya kusiteshoni anali ataisiya, chifukwa basi iliyonse yofiira ikamadutsa ankapezeka akusuzumira pampando wa dalaivala, ndipo zimenezi zinkamuchititsa manyazi.

*

Mu Juni ana asanu ndi awiri anauluka, dzira limodzi linatsala losaswa. Sabata yomweyo Dyna anakwera sitima kupita ku Tottenham, ati kukagula usipa ndi chinangwa kugolosale ya zakudya zakwathu. Usipa wake uti, poti ku Barking komweko unkapezeka! Nambala ya Fidelis inali italembedwa kale pafoni m'thumba mwake, kungotsala kudina.

Amene anakumana naye pakati pa mashelefu anali Sandra, basiketi itadzaza ndi zakudya za anthu awiri.

"Ba Dyna! Mwasowa. Nifuna nikuyamikeni maningi. Munthu uja anabwera kwanga monga nkhuku yonyowa, osadya, osakamba. Manje nimudyesa bwino, ayamba na kunenepa." Anamwetulira mano onse. "Tunyoni tuli bwanji?"

"Tinauluka," anayankha Dyna.

Anatuluka osagula kanthu. Pasiteshoni anatulutsa foni n'kufufuta nambala ija, ngakhale ankadziwa kuti m'mutu mwake siingafufutike. Analira m'sitima njira yonse, mzungu wina wachikulire mpaka anamupatsa kapepala kopukutira mphuno.

*

Ogasiti anafika, ndipo mwambo unachitika ku Kasungu. Chiliza anavundukula, nyimbo anaimba, kenako amalume ake a Henderson anaimirira pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anati mwana wa eni ake uyu wasunga maliro mokwanira, sanatichititse manyazi, kuyambira lero ndi womasuka. Amayi analuluta. Dyna anagwada n'kuthokoza, koma mumtima munali zii, poti ufulu umene anaudikira zaka ziwiri unafika pamene analibenso kopita nawo.

Atabwerera ku London, a Khumbo anafewa ngati si omwe aja. Tsiku lina akuchotsa zovala pachingwe anayamba okha nkhaniyo.

"Mlamu, ndinakulankhulani mawu olemera nthawi ija. Chinali chisoni. Tsopano muitaneni Mzambiya wanu uja timuone, abwere ndi akwawo mwaulemu."

"Kulibenso Mzambiya, alamu."

"Chachitika n'chiyani?"

"Anapeza kodya kwina."

A Khumbo anamuyang'ana nthawi yaitali, malaya ali m'manja. Sanafunsenso, koma madzulo ake anamuphikira tiyi n'kumubweretsera kuchipinda, zimene anali asanachitepo.

*

Mabokosi amatsukidwa mu Okutobala, masamba akayamba kuyoyoka. Apo ndiye lamulo limalola kuchotsa zisa zakale ndi mazira osaswa, kuti nthata zisadikire ana a chaka chamawa. Tsikulo kunali kamphepo kozizira. A Killian anagwira makwerero, Dyna anavala magolovesi, ndowa ili m'manja.

Pa nambala 9 anagogodabe, chizolowezi. Chisa chinatuluka chathunthu ngati chigumu, chouma, chonunkha, kadzira kaja kali pakati. Atachiponya mundowa anaona kuti pansi pa bokosi pamatirira kapulasitiki ka buledi, kopindidwa kanayi. Anakadziwa asanakagwire. Fidelis ankakulunga makalata ake m'mapulasitiki a buledi kuopa chinyezi.

Dyna anatsika osadziwa kuti watsika bwanji, anavula golovesi ndi mano, n'kukhala pamwala uja. Pamwamba pa pepalalo panalembedwa kuti 16 Epulo.

"Dyna, nakamba mau oipa. Henderson sananilakwire, na imwe simunanilakwire. Nikhululukireni. Nizayembekeza mpaka Ogasiti, olo mpaka Ogasiti wa chaka cha mawa. Sandra si kanthu kwa ine. Sinizatuma foni, sinizabwera ku paki, monga mwamene mwakambira. Koma Loweruka loyamba la Meyi nizaimirira pakhomo pa siteshoni ya Barking kuyambira 12 koloko. Simufunika kunikambisa, alamu anu angamve. Mupite chabe pafupi, muniyang'ane kamodzi, nizaziba. Mukapanda kubwera nizamvera, sinizakuvutani futi. Ndine wanu wogwira makwerero."

"Mayo ine!" Dyna anafuula, mpaka njiwa zinabalalika m'mitengo. "Mayo, amayi anga ine!"

A Killian anagwada pambali pake ndi mawondo awo ovuta aja. Dyna anawafotokozera mwachidule, Chingerezi chikuthyokathyoka, ndipo nkhope ya mkuluyo inayera kuposa ndevu zake.

"Mulungu andikhululukire," anatero. "Anandiimbira foni kumapeto kwa Epulo. Anangofunsa funso limodzi, ngati Dyna watsegula nambala 9. Ndinati inde, Loweruka lapitali. Ndimati ndimuuze za chisa, nkhani yabwino chonchija, koma anangoti zikomo n'kudula."

Ndiye kuti Fidelis ankayesa kuti kalata yawerengedwa. Ndiye kuti anaima pasiteshoni paja, mtunda woyenda mphindi khumi zokha kuchokera pamtengo uno, pamene Dyna ankawerenga mazira amene anakhalira kalata yake, n'kubwerera kunyumba kudzera kumtsinje. Dyna anatulutsa foni. Zala zinaikumbuka yokha nambala ija.

"Halo?"

"Fidelis, ndine. Ndaipeza lero. Inali pansi pa chisa."

Dyna anayang'ana foni kuti mwina yaduka.

"Chisa chiti?"

"Atimba anamanga mu nambala 9 sabata yomwe ija. Pamwamba pa kalata yanu. Sindinaione, Fidelis, Mulungu ndi mboni, sindinaione!"

Anamumva akupuma mwamphamvu.

"Muli kuti?"

"Pamtengo pomwe pano."

"Nibwera."

*

Ola lisanathe anatulukira pageti la paki, atavala jekete yakuda, manja ali m'matumba. Za kunenepa zija Sandra ananama. Munthuyo anali ataonda, ndipo m'ndevu munali imvi zimene mu Epulo munalibe. Anaima patali pang'ono, ngati mlendo.

"Ninaimirira mpaka 6 koloko," anatero. "Mvula inanipeza pamene paja. Mkazi aliyense wa duku nenze kuona monga ndimwe."

"Ine ndinali pano. Ndimawerenga mazira."

"Yanali yangati?"

"Asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri anauluka."

Fidelis anagwedeza mutu, n'kuseka kaseko kopanda chimwemwe. Dyna sanathenso kudzigwira. Mawu anangotuluka okha, mothamangitsana.

"Anandisudzula, Fidelis. Mu Ogasiti. Ndine womasuka. Alamu anga akuti mubwere ndi amalume anu, anena okha ndi pakamwa pawo. Mawu aja ndinakukhululukirani Lachiwiri lomwe lija. Ndinabwera mpaka ku Tottenham kudzakufunani."

Fidelis anatseka maso. Dyna anayesa kuti ndi chimwemwe.

A Killian anatsokomola. Anati chivundikiro cha nambala 9 chatsala chotsegula, mvula ingalowe, koma iwo mawondo awavuta, akapuma kaye kushedi. Ananyamula ndowa n'kumapita osatembenuka, mkulu wanzeru zake.

Dyna anapukuta misozi, anaika kalata m'thumba la pachifuwa, n'kuyamba kukwera. Anamva makwerero akulimba pansi pake monga kale, ndipo thupi lonse linamasuka. Anasesa m'bokosi ndi kaburashi, anatseka chivundikiro, anakoloweka kawaya kake. Anagogodanso n'kunena kuti, "Odi kuno," kuti amuseketse, kenako anayang'ana pansi akumwetulira.

Fidelis sankaseka. Manja aja anali atatuluka m'matumba, onse awiri atagwira makwerero zolimba, ndipo pachala cha dzanja lamanzere pankanyezimira mphete.

"Ni Sandra. Mwezi watha," anatero osakweza maso. "Ku ofesi ya boma. Kutchalitchi ni mu Disembala. Ninayembekeza, Dyna. Ogasiti yonse ninayembekeza, kuti kapena foni izalira."

Dyna anagwira thunthu la mtengo. Khungwa linali lozizira, ndipo mphepo inkamulowa m'makutu. Anafuna kukuwa, anafuna kutukwana Sandra, atimba, a Khumbo, malamulo a a Killian, koma wotukwanidwa weniweni sanamupeze. Chimene chinatsala chinali chisoni chokhachokha, cholemera moti anaopa kuti chimugwetsa.

"Siyani makwerero, Fidelis."

"Simunatsike."

M'thumba la jekete ya Fidelis foni inayamba kulira. Onse awiri ankadziwa amene akuimba. Fidelis sanasunthe dzanja ndi limodzi lomwe, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo foniyo inalira mpaka kutopa.

Dyna anayang'ana masitepe asanu amene anali pakati pa phazi lake ndi dothi. Ankadziwa kuti akangoponda pansi, manja aja asiya, ndipo munthuyo akakwera sitima ya ku Tottenham. Anakhalabe m'mwamba momwemo, chipumi atatsamiritsa pabokosi lopanda kanthu.

Foni inayambanso kulira.